Apongozi anagwa nthawi yanji?

1

Ine ndine munthu wamantha. Ndikakhoma chitseko ndimabwerera kawiri kukachigwedeza. Mwana akagona nthawi yaitali ndimakamuika chala pamphuno kuti ndimve ngati akupuma. Ndiye mukamva kuti munthu ngati ine ananamiza adokotala, anesi ndi banja lonse la kwa amuna anga, musaganize kuti ndinalimba mtima. Anali mantha omwewo, anangosintha malaya.

Tinkakhala anthu anayi m'nyumba: ine, amuna anga amene amagwira ntchito yamagetsi, mwana wathu wa miyezi khumi, ndi apongozi anga aamuna. Apongoziwo anagwira ntchito zaka makumi atatu pageti ya fakitale, kulemba nthawi imene wantchito aliyense walowa ndi kutuluka. Anzawo anawapatsa dzina loti a Tayimu, ndipo linawakakamira mpaka atapuma pantchito. Mukawafunsa kuti tiyi amwa liti, sankati pompano. Ankati, "Teni pasiti seveni." Mdzukulu wawo anamutcha Kabelu chifukwa ankalira faifi koloko yeniyeni, ine nkukhala amake Kabelu.

Anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo adokotala ananena kuti asamakhale okha. Alamu anga, achemwali awo aakulu a amuna anga, amene kuseri tonse timawatcha a Sajeni, anagamula nkhaniyo ataimirira.

"Iwe suli pantchito," anandiuza. "Ntchito yako ndi ababa."

Ndinavomera. Ine ndimavomera chilichonse munthu akandiyang'ana nthawi yaitali.

Lachiwiri lina ndinalowa m'nyumba nthawi ili 11:25, mwana kumsana, chikwama cha matewera m'manja. Kumene ndinkachokera ndikuuzani, koma osati pano. Ndinapeza apongozi ali pansi, pakati pa mpando ndi tebulo. Kukamwa kunali kutapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende ngati si lawo. Maso okha ndi amene anali amoyo, ndipo anandiyang'ana ine, kenako wotchi ya pakhoma.

2

Kuchipatala anawajambula mutu pamakina. Amuna anga anafika ndi ovolosi yawo, a Sajeni anafika ndi mawu awo. Kenako kunabwera anesi ena aatali, pensulo ataizika m'tsitsi, atanyamula fomu pakabolodi.

"Ndine nesi wa kafukufuku," anatero. "Bambowa achita sitiroko. Amene amakhala nawo ndani?"

"Uyu," anatero a Sajeni, akundikankhira kutsogolo ngati mbuzi yogulitsa.

"Munawaona komaliza ali bwinobwino nthawi yanji?"

Amuna anga anandiyang'ana. A Sajeni anandiyang'ana. Ngakhale Kabelu kumsana ndinamva ngati wasiya kuyamwa chala kuti amve yankho.

"Leveni koloko," ndinatero.

"Mukutsimikiza?"

"Ndinawapatsa madzi akumwa. Kenako ndinapita kukayanika zovala."

Bodza limabereka msanga. Panalibe mphindi imodzi, langa linali kale ndi madzi, kapu ndi chingwe choyanikira.

Apongozi ali pabedi lamatayala anatsegula pakamwa movutika. "Ayi," anatero.

"Mwamva, akuyankhula," anatero amuna anga, misozi ili m'maso.

Apa ndi pamene anesi aja anafotokoza chifukwa cha funso lawo. Anati mtsempha wina mu ubongo watsekeka ndi magazi oundana. Pachipatalapo pankachitika kafukufuku wa mankhwala osungunula magaziwo, koma mankhwalawo amaperekedwa pasanathe maola anayi ndi theka kuchokera pamene munthu anali bwino. Kupitirira apo, amatha kuchititsa kuti magazi atayike mu ubongo.

"Mwachita bwino kuthamanga nawo," anandiuza. "Ambiri amafika mochedwa."

Ndinkafuna kutsegula pakamwa. Koma a Sajeni anali kale pafoni, akuuza abale onse mpaka a kutali kuti ababa agwa leveni koloko. Amuna anga anasaina fomu. Mankhwala analowa m'diripi nthawi ili kota pasiti wani.

Ndinathawira kuchimbudzi kukawerengera ndi zala. Ndinachoka pakhomo 7:40. Kuchokera 7:40 kufika 1:15 ndi maola angati? Ndinawerengera katatu, nkupeza mayankho atatu osiyana. Onse anali oposa anayi ndi theka. Ndiye ndinadzitonthoza kuti mwina anagwadi leveni koloko. Mwina bodza langa linangokumana ndi choona panjira.

3

Tsiku lachiwiri anawajambulanso. Adokotala anati magazi atayikako pang'ono mu ubongo. Ine ndinasanza m'beseni la m'wodi, a Sajeni nkufunsa ngati ndili ndi pakati pena.

Magaziwo anasiya okha. Patatha masiku khumi ndi awiri tinabwerera nawo kunyumba, mwendo akuukoka, dzanja lamanja lili lende, mkamwa muli mawu amodzi okha.

Alendo ankabwera tsiku ndi tsiku, ndipo a Sajeni ankawakambira nkhaniyo ngati analipo.

"Leveni koloko yeniyeni, mlamu wangayu atangowapatsa madzi..."

"Ayi," ankatero apongozi.

"Musadandaule nazo, ndi mawu okhawo amene atsala nawo. Ukawapatsa tiyi, ayi. Ukawafunsa dzina, ayi."

Sizinali zoona. Ine ndimayang'anitsitsa zinthu, ndi matenda anga. Tiyi ankamulandira ndi kugwedeza mutu. Dzina akafunsidwa ankangotseka maso. Ayi weniweni, wochokera pansi pa mimba, ankatuluka pokhapokha munthu akatchula leveni koloko. M'nyumba monse tinkadziwa zimenezi tinali awiri, ndipo mmodzi sankatha kuyankhula.

Kuyambira tsiku limenelo sindinapitenso kumene ndinkapita kuja.

4

Kafukufuku sanathere pa diripi. Anesi aja anati awatsatira kwa miyezi itatu kuti aone mmene achirire. Anandipatsa makadi makumi awiri a zithunzi ndi pepala la mizere. M'mawa uliwonse ndiwaonetse khadi, ayese kutchula dzina la chinthucho, ine ndichonge.

"Inu ndinu munapita kusukulu," anatero. "Amuna anu akuti munakhoza bwino, mukufuna za unesi. Yambirani pompa."

Ndinamwetulira ngati munthu amene waponda msomali pamaso pa alendo.

Choncho ndinakhala mphunzitsi wa munthu yekhayo amene akanatha kundiulula. Mawu aliwonse amene ankabwerera mkamwa mwawo anali sitepe imodzi yopita kumlandu wanga. Sabata yachitatu anati "madzi". Yachinayi anati "kapu". Amuna anga anavina pabalaza ndi nsapato zakuntchito. Ine ndinaomba m'manja, mumtima ndikuti madzi ndi kapu ndi mboni zanga zabodza zija, zayamba kufika.

Pemphero langa la masiku amenewo ndimachita nalo manyazi. Ndinkati, "Achire ndithu, koma osathamanga."

Pamakadi paja panali lina la wotchi. Ndikangolitulutsa, apongozi ankaligwira ndi dzanja lamanzere, kuligogoda ndi chala, kundiyang'ana. Osati mwaukali. Ankandiyang'ana mmene ndikuganiza kuti ankayang'anira wantchito wochedwa amene akunamizira basi. Tsiku lachitatu ndinalitenga khadilo nkuliika pansi penipeni pa chikwama cha matewera, malo amene ndinkadziwa kuti mwamuna aliyense wa m'nyumba ija sangapisemo dzanja. Papepala ndinkangochonga kuti alephera.

Tsiku lina a Sajeni anandipeza ndikutsuka mabotolo a mwana.

"Mayi wa pagolosale akuti kale unkatuluka Lachiwiri lililonse m'mawa. Utadzola."

"Ndinkapita kusikelo ndi mwana, alamu."

"Sikelo ya sabata iliyonse? Mwanayu ndi nyama ya pabutchala?"

Ndinaseka kwambiri, kuposa mmene nthabwalayo inkafunira. Iwo sanaseke.

"Mchimwene wanga ndi wofatsa," anatero. "Ine ayi."

5

Miyezi itatu itakwana tinapita tonse kuchipatala kukayezetsa komaliza. Kachipinda ka kafukufuku kanali ndi tebulo, mipando inayi ndi kabati ya mafayilo. Apongozi anayenda masitepe khumi ndi ndodo. Anatchula kapu, madzi, nsapato ndi Kabelu. Anesi ankalemba, pensulo ikutuluka ndi kubwerera m'tsitsi.

Amuna anga anafunsa ngati mankhwala aja athandiza anthu ambiri.

"Ambiri ndithu," anatero anesi. "Koma pali anayi amene anataya magazi mu ubongo ngakhale analandira nthawi yabwino. Bambowa ndi mmodzi. Akuluakulu oyang'anira kafukufuku akumana sabata yamawa. Akaona kuti chiwerengerocho chakula, atiimitsa." Anagogoda fayilo ndi pensulo. "Ya bambowa ndi imene imandisowetsa mtendere. Maola awiri ndi kota okha. Samayenera kutaya magazi."

Ine ndinayamba kukonza chipewa cha mwana chimene chinali bwinobwino.

Kenako anatulutsa wotchi yapulasitiki, ya mivi yoyendetsa ndi chala, nkuiika patebulo. Khadi ndinabisa, koma sindinadziwe kuti lili ndi mkulu wake.

"Bambo, tiyese manambala. Tiyambe ndi nthawi imene mukuidziwa. Ikani mivi pa leveni koloko, nthawi imene munadwala ija."

"Ayi."

"Yesani pang'ono."

Apongozi anaikoka wotchiyo ndi dzanja lamanzere. Anatenga nthawi, lilime lili pakona pa mlomo. Muvi waufupi anauika patsogolo pang'ono pa eyiti, wautali pa fili. Kota pasiti eyiti. Anaibweza kwa anesi, nakhala tsonga.

"Pepani bambo, si imeneyo," anatero anesi mofatsa. Anatembenukira kwa amuna anga. "Zimachitika. Manambala amasokonekera mu ubongo. Mwina nthawi sadzaidziwanso."

Analemba ziro.

Ndinaona nkhope ya apongozi. Munthu amene zaka makumi atatu sanalakwitsepo mphindi imodzi, amulembera ziro pa wotchi, pamaso pa ana ake. Sanati ayi. Anangoyang'ana pansi.

Mawu anatuluka ndisanawalole.

"Sanalakwitse."

Onse anatembenuka.

"Leveni koloko ija ndinanama. Sindinali pakhomo. Ndinachoka 7:40, ndinabwera 11:25. Madzi sindinawapatse. Zovala sindinayanike."

Kabelu anasankha nthawi imeneyo kugeya.

"Ndinanena ine," anatero a Sajeni, mawu ali pansi. "Ndi ndani mwamunayo?"

Amuna anga anawerama. Ankangoyang'ana dzanja lawo lamanja.

Ndinatsegula chikwama cha matewera. Ndinatulutsa khadi la wotchi lija, likununkha mafuta a mwana, nkuliika patebulo. Kenako ndinatulutsa kope lachikuto chobiriwira limene linali pansi pake.

"Mwamunayo ndi uyu," ndinatero. "Masamu."

Owerenga, chinsinsi changa chinali chimenechi. Mayeso omaliza a kusekondale sindinakhoze. Ndinalephera masamu, ndipo ndinalephera moti ngakhale aphunzitsi anandipepesa. Pamene tinkadziwana ndi amuna anga ndinawauza kuti ndinakhoza, satifiketi inanyowa ndi mvula kwa amayi anga. Iwo anauza dziko lonse kuti akwatira nesi wa m'tsogolo. Chaka chilichonse ankabwera ndi mafomu a sukulu ya unesi, ine chaka chilichonse ndinkapeza chifukwa. Ndiye ndinalembetsa mwakachetechete kwa mayi wina wopuma pa uphunzitsi, amene amaphunzitsa obwereza mayeso m'galaja mwake Lachiwiri lililonse. Ndinkadikira apongozi ayambe kuwodzera pampando, nkutuluka chonyang'ama.

A Sajeni anatsegula kopelo, kuyang'ana ma ekisi ofiira, kulitseka. Ndikukhulupirira anakhumudwa. Mwamuna akanawakomera kukamba.

Anesi sanakweze mawu. Anatenga rabala, nafufuta ziro uja.

"Mukanati simukudziwa, sitikanawapatsa mankhwalawo," anatero. "Munaika moyo wawo pachiswe. Ndipo kwa miyezi itatu mwakhala mukunamizira mankhwala amene akanathandiza amayi a munthu wina. Ndilemba lipoti lero."

"Ndinasaina ndine," anatero amuna anga, osandiyang'ana. "Ndi dzanja ili. Ukanandiphetsa bambo anga ndi dzanja langa, chifukwa cha satifiketi."

Pamenepo ndinalibe nthabwala.

6

Kwa masiku asanu ndi anayi amuna anga ankandiyankhula kudzera mwa mwana. "Kabelu, uwauze amako kuti malaya anga abuluu ndikuwafuna mawa." Lamlungu masana a Sajeni anabwera ndi chikwama chachikulu chopanda kanthu, nkuchiika pakati pa balaza.

"Apite kwa amake akaganize bwino," anatero. "Ababa tiwapezera munthu wina."

Ine ndinali nditayamba kale kuwerengera matewera m'mutu, ndipo monga mwa nthawi zonse sankakwana.

Apongozi anagogoda pansi ndi ndodo. Analoza kuchipinda kwawo. "Je... jekete."

Jekete imene anavala tsiku lija inali ikadali m'pepala lapulasitiki pamwamba pa wadiropu, mmene inabwerera kuchipatala. Amuna anga anaitsitsa. Apongozi analoza thumba lam'kati. Munali kabuku kakang'ono kachikuto chakuda, kofanana ndi timene ankagwiritsa ntchito pageti.

"Werenga," anauza mwana wawo.

Amuna anga anawerenga mokweza, mawu akukokera.

"Lachiwiri. Amake Kabelu atuluka 7:40, alowa 11:25. Lachiwiri. Atuluka 7:42, alowa 11:20. Aiwala kope pansi pa mpando. Funso lachisanu ndi chimodzi alakwitsa, saganizira zobwereka pochotsera." Anatembenuza tsamba. "Lachiwiri. Atuluka 7:40. Chitseko chikulira, ndathira mafuta kuti asamavutike."

Ndinakhala pansi, pasimenti. Miyezi inayi yonse ndinkayenda chonyang'ama kudutsa munthu amene ankangotseka maso kuti ndidutse. Timizere ta pensulo timene ndinkapeza m'kope langa ndinkayesa ndi ta aphunzitsi.

Tsamba lomaliza linali ndi mizere iwiri. Woyamba unali wowongoka: atuluka 7:40. Wachiwiri unkatsetsereka kupita pansi pa tsamba, zilembo zikukula ngati za mwana wa sitandade wani. Amuna anga anauyandikiza kumaso.

"8:15. Dzanja lalemera."

Anakhala pampando, kabukuko kali pachifuwa. Bambo awo, sitiroko ikuwagwira, anayamba alemba nthawi.

"Ndiye ababa mumadziwa?" anafunsa a Sajeni. "Mumadziwa, osanena?"

Apongozi anagwedeza mutu.

"Komabe anakusiyani nokha. Achoke basi."

"Ayi."

Uyu anali ayi uja wa pansi pa mimba. Anandiloza ine ndi ndodo, kenako chitseko. Ndinayesa akundithamangitsa okha. Koma milomo yawo inkalimbana ndi mawu ena.

"Lachi... wiri. Seveni... fote."

Kenako ndodo inatembenukira kwa a Sajeni, nkuloza mpando umene uli pafupi ndi wawo.

"Iwe. Khala."

A Sajeni anatola chikwama chawo chopanda kanthu, nkuchiika pamiyendo ngati mwana.

7

Kabuku kaja tinakapereka kwa anesi a kafukufuku. Anajambula tsamba lomaliza, nakonza fayilo: maola asanu, osati awiri ndi kota. Ulendo uno ndinawerengera ndekha, nkupeza yankho limodzi. Anandiuza pambuyo pake kuti akuluakulu aja anakumana ndipo kafukufuku akupitirira. Sanandimwetulire, ndipo sindinayembekezere.

Dzanja lamanja la apongozi silinabwerere. Ndinafunsa adokotala ngati magazi otayika aja ndi amene analipha, kapena likanafa ndi sitiroko yomweyo. Anati palibe angadziwe. Ndinafunsanso ngati ndikanakhala pakhomo 8:15 bwenzi lero akulemba ndi dzanja lawo. Limenelo sanayankhe, ndipo ndimadzuka nalo tsiku lililonse pamene ndikuwamangira mabatani.

Amuna anga anayambanso kundiyankhula okha. Koma ndikawauza kuti sopo watha, amapita kukayang'ana. Ndilibe nazo mawu.

Inu amene mukuwerenga, sindikuuzani kuti musamaname, chifukwa amene akukuuzaniyo mwamuona. Ndingokupemphani chinthu chimodzi chaching'ono. Tsiku lina mudzaimirira pakhonde la chipatala, munthu wa pensulo adzakufunsani kuti munamuona liti wodwala wanu ali bwino. Achibale adzakhala akukuyang'anani. Ngati simukudziwa, nenani kuti sindikudziwa. Ine ndinkayesa ndikuyankha alamu anga, osadziwa kuti nambala imeneyo ilowa m'diripi, kenako m'fayilo, kenako m'thupi la anthu ena amene sindidzawaona. Manyazi a satifiketi akanandipweteka sabata imodzi.

Mayeso ndilemba miyezi iwiri ikubwerayi. Lachiwiri lililonse a Sajeni amafika hafu pasiti seveni, nkhope ili gwa, nkukhala pampando wawo ndi makadi makumi awiri, la wotchi lili pamwamba. Ine ndimatuluka pakhomo lakutsogolo, chitseko ndikuchimenyetsa ngati munthu.

Sabata yatha aphunzitsi anatichedwetsa ndi masamu a mafulakishoni. Nditalowa ndinapeza apongozi ali ndi kabuku katsopano pabondo, pensulo ili kudzanja lamanzere. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, nalemba pang'onopang'ono, nkunditembenuzira tsamba kuti ndione. Manambala ake anali opotoka, koma ankawerengeka: 11:31.

"Amake Kabelu," anatero, mawu onse athunthu. "Mwachedwa."